Mwana wanga anabadwa pa tsiku la "Imfa" pa kalendala ya Aaziteki: kodi ndide nkhawa?

Mayi wina wa ku Zomba walemba motere: "Mlamu wanga ali ndi pulogalamu ya pa foni yowerengera tsiku lobadwa potsata kalendala ya Aaziteki a ku Mexico. Tinkangocheza, aliyense akutchula lake. Wina linamutulukira duwa, wina kalulu, tikuseka. Titaika la mwana wanga wamkazi wa miyezi 8, panatuluka chibade cha munthu ndi mawu akuti Miquiztli, pansi atalemba kuti imfa. Kuseka kunathera pomwepo. Mwanayu amadwaladwala chifuwa, ndiye chiyambire tsikulo tulo sindikuona. Ndine wopemphera, zoombeza sindizikhulupirira, koma mtima sukukhala m'malo. Kodi kalendala imeneyi ndi yotani, ndipo tsikuli linkatanthauza chiyani kwa eni ake?"

Mayi, mtima pansi. Ndaphunzitsa mbiri ya anthu akale a ku Mexico kwa zaka zambiri, ndipo chibade chimenecho chimadzidzimutsa pafupifupi aliyense wochiona koyamba. Kalendalayi ili ndi mayina a masiku 20 okha, ozungulira mosalekeza. Ndiye kuti pa anthu 20 alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi anabadwa pa Miquiztli. M'kalasi ya ana 100 mungapezemo ngati 5, ndipo pakati pa nkhalamba za zaka 90 chiwerengero chake ndi chomwecho. Komanso eni ake kalendalayi sankawerenga dzina la tsiku palokha ngati chigamulo. Pulogalamu ija yakupatsani kachidutswa ka nkhani, n'kusiya mbali imene ikanakutonthozani.

Anthu amene timawatchula kuti Aaziteki, makamaka a Mexica a mumzinda wa Tenochtitlan pomwe lero pali Mexico City, ankayendetsa makalendala awiri pa nthawi imodzi. Ina inali ya dzuwa, xiuhpohualli, ya masiku 365: miyezi 18 ya masiku 20, kuphatikizapo masiku 5 otsalira kumapeto. Imeneyi inkatsogolera zikondwerero zikuluzikulu. Yomwe mwakumana nayo inu ndi inayo, yopatulika, yotchedwa tonalpohualli, ya masiku 260.

Kayendedwe kake nkosavuta. Pali manambala kuyambira 1 mpaka 13, ndipo pali mayina 20. Tsiku lililonse nambala imasuntha kamodzi, dzina limasunthanso kamodzi. Mayinawo, m'chilankhulo chawo cha Nahuatl, amayamba ndi Cipactli, chilombo cha m'madzi chonga ng'ona, kenako Ehecatl mphepo, Calli nyumba, Cuetzpalin buluzi, Coatl njoka, Miquiztli imfa, Mazatl nyama yonga mbawala, Tochtli kalulu, Atl madzi, Itzcuintli galu. Theka linalo ndi Ozomatli pusi, Malinalli udzu wopotana, Acatl bango, Ocelotl chilombo chamawanga chonga kambuku, Cuauhtli chiwombankhanga, Cozcacuauhtli muimba, Ollin kugwedezeka, Tecpatl mpeni wa mwala, Quiahuitl mvula, ndi Xochitl duwa. Mukayamba pa 1 Ng'ona, mawa ndi 2 Mphepo, mkuja 3 Nyumba, mpaka kufika pa 13 Bango. Apo manambala atha koma mayina akadalipo 7, ndiye nambala imabwerera pa 1 pomwe dzina likupitirira: 1 Kambuku, 2 Chiwombankhanga. Kuti 1 Ng'ona ibwerenso pamadutsa masiku 13 kuchulukitsa ka 20, omwe ndi 260.

Chifukwa chake 260, akatswiri amapereka maganizo angapo. Ena amaloza ku nthawi imene mayi amakhala woyembekezera, yomwe ili pafupi kwambiri ndi masiku amenewa, ndipo osunga masiku a mtundu wa Amaya ku Guatemala, akuluakulu amene amawerengabe kalendala yotereyi, amanena zimenezi mpaka lero. Ena amati kumwera kwa Mexico, chakufupi ndi malo akale otchedwa Izapa, dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pa chaka, ndipo nthawi ziwirizo zimagawa chaka pa masiku 105 ndi 260. Enanso amangoti 20 ndi zala za kumanja ndi kumapazi, pomwe 13 inali nambala yopatulika. Chodziwika ndi chakuti Aaziteki anaipeza ilipo kale. Pa San Bartolo ku Guatemala ofukula anapeza kachidutswa ka khoma kolembedwa tsiku la 7 Mbawala, ka zaka za pakati pa 300 ndi 200 Yesu asanabadwe, pomwe Tenochtitlan anamangidwa cha m'ma 1325.

Tsopano tibwere pa mwana wanu. Simunandiuze nambala imene inali pambali pa chibade chija, ndipo ndikukhulupirira kuti simunaiyang'ane n'komwe chifukwa maso anakakamira pa chithunzi. Koma masiku a Miquiztli alipo 13 osiyana, ndipo kwa woombeza wa Chiaziteki, yemwe ankatchedwa tonalpouhqui, kusiyana kwake kunali kwakukulu. Iye ankatambasula buku lake lopinda la zithunzi, tonalamatl, n'kuyang'ana zinthu zingapo pamodzi: dzina la tsiku, nambala yake, gawo la masiku 13 limene tsikulo lagweramo ndi mulungu wolamulira gawolo, mmodzi mwa ambuye 9 a usiku amene ankasinthana, mbali ya dziko imene tsikulo lalunjika, ngakhalenso mbalame yoyenda ndi nambalayo. Buku lina lotere, Codex Borbonicus, likusungidwa ku Paris. Ndi pepala la khungwa la mtengo lotalika pafupifupi mamita 14, ndipo tsamba lililonse la gawo la masiku 13 ladzaza milungu, mbalame ndi zizindikiro. Ukaliona umamvetsa chifukwa chake ntchitoyi inkafuna munthu woiphunzira kwa zaka.

Zambiri zimene tikudziwa za matanthauzo a masiku zinachokera kwa wansembe wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, yemwe anafika ku Mexico mu 1529. Iye anafunsa akuluakulu a mtunduwo mothandizidwa ndi ophunzira ake olankhula Nahuatl, ndipo mayankho awo analembedwa m'mabuku 12 omwe lero amatchedwa Florentine Codex, omalizidwa cha m'ma 1577. Buku lachinayi ndi la masiku okhaokha. M'menemo tsiku la 1 Miquiztli, loyambitsa gawo lachisanu ndi chimodzi, likutchulidwa kuti ndi labwino. Linali tsiku la Tezcatlipoca, mulungu wopatsa ndi kulanda chuma, ndipo wobadwa pa tsikulo ankayembekezeka kulemera ndi kulemekezeka ngati akhala wodzipereka pa zachipembedzo. Pa tsiku limeneli eni akapolo ankawavula magoli a mtengo m'khosi, kuwasambitsa ndi kuwalankhula mwaulemu. Palibe amene ankayerekeza kukalipira kapolo, poopa kuti Tezcatlipoca angamutembenuzire zinthu, mwini kapolo n'kusanduka kapolo. Limodzi mwa masiku a chibade chimene chakusowetsani tulo linali tsiku limene wotsika kwambiri mumzinda ankapumako.

Sindikubisirani kuti wansembe wina wa nthawi yomweyo, Diego Durán, analemba zosiyana. Iye pofotokoza dzina la Miquiztli palokha, popanda nambala, anati obadwa pamenepo amakhala amantha, oiwalaiwala ndi ofooka thupi. Anthu awiri, dziko limodzi, zaka zoyandikana, koma mayankho otsutsana. Ine ndimaona kuti kusemphana kumeneku kukutiuza zambiri kuposa mawu a aliyense mwa iwo: panalibe ndandanda imodzi yokhazikika yomwe munthu ungangotsegula n'kupeza tsogolo la mwana. Woombeza aliyense ankasanja zizindikirozo malinga ndi mzinda wake, mphunzitsi wake ndi banja limene lakhala patsogolo pake.

Manambala nawo anali ndi mbiri zawo. Kawirikawiri m'buku la Sahagún 3, 7, 10, 11, 12 ndi 13 ndi abwino, pomwe 9 ndi ena apakati ankaopedwa. Choncho 13 Miquiztli, ngakhale imagwera m'gawo loopsa loyamba ndi 1 Kambuku, nambala yake inkaifewetsa. Ndipo musaganize kuti amene linawatulukira duwa kapena kalulu tsiku lija anapambana. Tsiku la 2 Kalulu, Ome Tochtli, ndi limodzi mwa masiku a mbiri yoipitsitsa m'buku lonselo. Linali la milungu ya octli, mowa wopangidwa ndi madzi a chomera cha mtundu wa khonje, ndipo wobadwa pamenepo ankanenedwa kuti adzakhala chidakwa chogulitsa zovala ndi kusiya ana ndi njala. Akuluakulu aja anafotokoza moyo wa chidakwa chotero mwatsatanetsatane moti ukawerenga umazindikira kuti ankanena anthu amene ankawadziwa. Tsiku la 1 Nyumba, dzina lomveka lamtendere, linkaonedwa kuti ndi latsoka. Linali limodzi mwa masiku 5, pamodzi ndi 1 Mbawala, 1 Mvula, 1 Pusi ndi 1 Chiwombankhanga, pomwe ankati mizimu ya amayi omwalira pobereka, Cihuateteo, imatsikira pa mphambano za misewu, ndipo makolo ankatsekera ana m'nyumba. Kukoma kapena kuopsa kwa dzina sikunkalondolera chilichonse.

Masiku ena anali a magulu a ntchito. Amalonda oyenda kutali, apochteca, ankadikira 1 Njoka kuti anyamuke ulendo. Ojambula ndi amayi opeta nsalu ankasala kudya pokonzekera 7 Duwa. Opalasa mabwato ndi ogulitsa madzi pa nyanja yozungulira Tenochtitlan ankalemekeza mulungu wamkazi wa madzi, Chalchiuhtlicue, pa 1 Madzi. Anthu ankafunsa kalendalayi posankha tsiku la ukwati, lonyamukira ku nkhondo, lolonga mfumu. Durán anadandaula kuti patapita zaka zambiri chifikire Chikhristu, alimi ena ankasiya chimanga chouma m'munda kudikira kuti nkhalamba yodziwa masiku iwauze tsiku loyenera kukolola.

Mbali imene mapulogalamu a pa foni saitchula, yomwe kwa ine ndi mtima wa nkhani yonse, ndi iyi: tsiku linkatha kukonzedwa. Mwana akabadwa, makolo ankapita kwa woombeza atanyamula chakudya, nsalu kapena nkhukundembo. Iye ankafunsa nthawi yeniyeni imene mwana anabadwa, makamaka ngati kunali usiku, kuti adziwe tsiku limene amuwerengere. Mwambo wosambitsa ndi kutcha dzina unkachitika nthawi zambiri patatha masiku anayi, mofananako ndi mmene kwathu mwana amatulukira m'chikuta. Mzamba ankamusambitsa pabwalo dzuwa likutuluka. Wamwamuna ankamuikira kachishango ndi timivi, wamkazi kamtengo kopotera thonje ndi zida zoombera nsalu. Tsopano woombeza akaona kuti tsiku lobadwa ndi loipa, ankasuntha mwambowo n'kuuika pa tsiku labwino lapafupi, kuti mwanayo atengeko mwayi wa tsiku losambitsidwalo. Ankachita zimenezi poyera, monga gawo la ntchito yake.

Ndipo ngakhale zitatero, buku lachinayi lija limabwereza mfundo imodzi kambirimbiri. Wobadwa pa tsiku labwino akakhala waulesi, wosamva malangizo, ankawononga yekha tsiku lake, mwayi n'kumuthawa. Wobadwa pa 1 Kambuku, yemwe ankayembekezeka kufera ku nkhondo kapena kugulitsidwa ukapolo, ankatha kupulumuka ndi kukhala bwino ngati ali wakhama, womvera akulu ndi wodziletsa. Anthu amene anaiyambitsa ndi kuikhulupirira ndi mtima wonse kalendalayi sankalola kuti tsiku likhale ndi mawu omaliza. N'zachilendo kuti ife, amene sitiikhulupirira, tiipatse mphamvu yoposa imene eni ake ankaipatsa.

Sindikufuna kukupatsani chithunzi chofewa kwambiri cha anthuwa. Masiku ankawaopadi. Masiku 5 otsalira a kalendala ya dzuwa, nemontemi, ankaonedwa kuti ndi opanda pake ndi oopsa: anthu ankapewa ntchito ndi mikangano, ndipo mwana wobadwa pamenepo ankapatsidwa dzina lomunena kuti ndi wachabe, Nenoquich akakhala wamwamuna, Nencihuatl akakhala wamkazi. Makalendala awiri aja ankakumana pomwe anayambira patatha masiku 18,980, zomwe ndi zaka 52, ndipo nthawiyo mzinda wonse unkagwidwa ndi mantha akuti dzuwa silitulukanso. Moto wonse unkazimitsidwa, ziwiya zakale kutayidwa, amayi oyembekezera kutsekeredwa m'nkhokwe, ana kuletsedwa kugona. Pakati pa usiku ansembe ali pa phiri la Huixachtlan ankapeka moto watsopano pachifuwa pa mkaidi wophedwa ngati nsembe, othamanga n'kuugawa m'midzi. Mwambo womaliza unachitika mu 1507, mu ulamuliro wa mfumu Moctezuma wachiwiri. Wotsatira unayenera kudzachitika mu 1559, koma pofika apo mzindawo unali utagwa kalekale m'manja mwa Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, ndi mitundu imene inagwirizana naye.

Kugwa kumeneko n'kofunika pa funso lanu, chifukwa ndi pomwe mapulogalamu abwino amayambira kuwerenga. Tenochtitlan anagonja pa 13 Ogasiti 1521, ndipo zolembedwa za eni dzikolo zimati tsikulo linali 1 Njoka m'chaka cha 3 Nyumba. Katswiri wa ku Mexico, Alfonso Caso, anagwiritsa ntchito masiku odziwika ngati limeneli polumikiza kalendala yawo ndi yathu, ndipo kuwerenga kwake kumagwirizana ndi kwa Amaya a ku Guatemala amene sanasiye kusunga masiku 260. Ku Momostenango, tauni ya ku Guatemala komweko, mpaka pano amasonkhana pa tsiku la 8 B'atz', lomwe limafanana ndi 8 Pusi, kulandira osunga masiku atsopano. Koma si pulogalamu iliyonse imene imatsata njira imeneyi. Ina imaiwala kuti mu 1582 kalendala ya ku Ulaya inadumpha masiku 10. Ina imatsata kawerengedwe ka magulu amakono omwe anakonza zawozawo. Ina, yoipitsitsa, imagawa chaka pa zizindikiro 12 motengera nyenyezi za m'manyuzipepala n'kungomata mayina a Chiaziteki, chinthu chimene ku Tenochtitlan kunalibe. Palinso nkhani ya maola: Mexico City ili m'mbuyo mwa Malawi ndi maola 8, ndiye mwana wobadwa ku Zomba 5 koloko m'mawa, kumeneko ndiye kuti wabadwa dzulo lake usiku. Akatswiri amasiyananso pa nthawi imene tsiku la Aaziteki linkayambira, ndipo Caso ankati masana dzuwa lili pamutu. Yesani mapulogalamu atatu osiyana, musadabwe mwana yemweyo akatuluka imfa, njoka ndi mbawala.

Mwina mwaonapo chithunzi cha mwala waukulu wozungulira umene anthu amautcha kalendala ya Aaziteki. Unafukulidwa pa bwalo lalikulu la Mexico City mu Disembala 1790, ndi wa mamita pafupifupi 3.6 m'mimba mwake, ndipo ukulemera matani oposa 20. Mayina 20 aja anasemedwa mozungulira, Miquiztli ali pamalo pake pachisanu ndi chimodzi pakati pa njoka ndi mbawala, wosakula kapena kuchepa kuposa anzake. Pakati pa mwalawo pali 4 Kugwedezeka, dzina la dziko lino, lomwe ankati lidzatha ndi zivomezi monga maiko anayi oyamba anathera pa 4 Kambuku, 4 Mphepo, 4 Mvula ndi 4 Madzi. Mwalawo sunali wowerengera masiku, unali chipilala cha chipembedzo ndi ufumu.

Choopsa chenicheni pa nkhani yanu, mayi, chili kunyumba kwanu, ku Mexico kulibe. Mu 1954 katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Gustav Jahoda, anafufuza pakati pa Aashanti a ku Ghana, omwe amatcha ana mayina potengera tsiku la sabata. Kumeneko anthu ankakhulupirira kuti anyamata obadwa Lolemba, a Kwadwo, ndi ofatsa, pomwe obadwa Lachitatu, a Kwaku, ndi aukali. Atayang'ana m'mabuku a khoti la ana anapeza kuti a Lolemba anali ochepa, ndipo a Lachitatu anali ochuluka pa milandu yovulaza anthu. Lachitatu lilibe mphamvu iliyonse. Mphamvu inali m'maso ndi m'kamwa mwa anthu olera anawo, amene tsiku ndi tsiku ankawauza chimene iwo ali. Mwana wanu akakula akumva achibale akumutchula kuti uja wa tsiku la imfa, ngakhale mwanthabwala, kapena akaona mayi ake akunjenjemera nthawi iliyonse akatsokomola, adzatola zimenezo. Ndikupempha kuti mulankhule ndi alamu anu mwachifatse kuti nthabwala imeneyi ithere pomwe inayambira, isasanduke dzina.

Chenjeraninso ndi aliyense, pa WhatsApp kapena pa Facebook, wolonjeza kuti akonza tsiku la mwanayu mukamutumizira ndalama. Munthu wamantha savuta kudyera, ndipo oterewa amadziwa zimenezo.

Chifuwa chija ndiye chikufunika chidwi chanu chonse. Chifuwa chobwerabwera pa mwana wa miyezi 8 chili ndi zoyambitsa zodziwika, monga utsi wa nkhuni kapena makala m'nyumba, chimfine chopatsirana ndi ana anzake, mphumu, nthawi zina chibayo kapena TB ngati pakhomo pali wamkulu wotsokomola nthawi yaitali. Ine ndine wa mbiri yakale, si dokotala, choncho tengani buku lake la kuchipatala mukafotokozere achipatala kuti chifuwacho chabwera kangati ndipo chimatenga masiku angati, aonenso ngati katemera ndi sikelo zikuyenda bwino. Musadikire tsiku la sikelo mukaona kuti akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati popuma, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena thupi latentha kwambiri. Zikatero pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kanenenso.

Inuyo musadziiwale. Ngati kusowa tulo kukupitirira masabata angapo, maganizo a imfa ya mwana akumangobwera osawaitana, kapena mukulephera kudya ndi kugwira ntchito, nenani kwa namwino pomwe mwapita ndi mwanayo, kapena kwa abusa anu ndi amayi aakulu amene mumawakhulupirira. Nkhawa yotere imagwira amayi ambiri m'chaka choyamba atabereka, ndipo kawirikawiri imangofuna poti igwire. Kwa inu yagwira pa chibade cha pa foni. Ili ndi chithandizo, ndipo kuinena si kuchepa chikhulupiriro.

Mukafuna kudziwerengera nokha zimene akuluakulu a Chiaziteki ananena, Florentine Codex yonse inaikidwa pa intaneti kwaulere mu 2023 ndi bungwe la kafukufuku la ku America la Getty Research Institute, zithunzi zake pamodzi ndi mawu a Nahuatl, Chisipanishi ndi Chingerezi. Pitani ku buku lachinayi, mufufuze gawo la Ce Miquiztli, kutanthauza 1 Miquiztli. Powerenga kumbukirani kuti Sahagún mwiniwake ankadana nayo kalendalayi, ankaitcha luso la mdierekezi, ndipo anailemba kuti ansembe anzake azitha kuizindikira ndi kuithetsa, ndiye mawu ake a Chisipanishi ndi mawu a akuluakulu a Nahuatl nthawi zina amakoka mbali zosiyana. Mukanditumizira nambala imene inali pambali pa chibade chija, ndikuuzani gawo la masiku 13 limene tsikulo likugweramo ndi zimene bukulo likunena za gawolo.